Gowelo la Matayala ku Easterhouse

Lolemba

Yafika! Kampa yafika!

A Tam, mkulu amene amakhala pamwamba pathu, andithandiza kuikankha kuchokera m'galaja mwawo mpaka pakapinga kuseri kwa nyumba. Ikakhala yopinda ndi bokosi chabe la matayala awiri, lolekeza m'chiuno. Koma ukapukusa handulo kumbuyo, denga limakwera lokha, makoma a lona n'kutambasuka, bedi uku, bedi uko. Nyumba kutuluka m'bokosi! Ndaikweza, ndaitsitsa, ndaikwezanso, mpaka a Tam anena kuti atopa ndi kuonerera. Akuti ndiigwiritse ntchito mmene ndingafunire, chimwalirireni akazi awo yangokhala.

Ndilembe chifukwa chake, kuti mwana wathu Tadala akadzakula adzadziwe kuti bambo ake analeredwa. Apongozi akutera lero kuchokera ku Zomba, kudzathandiza mkazi wanga Thoko ndi khanda. Nyumba yathu: chipinda chimodzi, pabalaza, khitchini, bafa. Basi. Thoko akuti amayi azigona naye kuchipinda, ine pasofa. Pasofa! Sofa imene ili panjira ya kubafa! Ndiye kuti m'mamawa apongozi azidutsa, mkamwini ali chagada, miyendo m'mwamba, kukamwa kuli yasa, mkonono ukulira ngati chigayo. Kwathu ku Dowa, bambo anga akaona apongozi awo akubwera m'njira ankalowa m'chimanga. Tsiku lina analowa m'chitedze, koma ulemu anausunga.

Apongoziwa ndinawaonapo pa chinkhoswe ndi pa ukwati pokha, ndili chapatali. Anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya atsikana. Ndinamva kuti pa chinkhoswepo anafunsa kuti, "Mnyamatayu akamutengera mwana wanga kutali, akamusamala?" Funso limenelo limandiluma mpaka lero. Sabata ino aona yankho ndi maso awo.

Thoko: "Inu, amayi anga alibe zimenezo. Mukungodzivuta." Wokulira m'tauni angadziwe chiyani? Kenako: "Chabwino, kagoneni m'gowelo lanulo. Koma akafunsa muwayankhe nokha." Safunsa. Munthu wamkulu amangoona n'kumvetsa.

Zalowa m'gowelo:
- mabulangete
- hita yaing'ono
- ekisitenshoni, yodzera pawindo la khitchini
- wailesi, Baibulo, suti ya ukwati (m'kabati muyenera kulowa zovala za alendo)
- botolo la kambuzi

A Tam: "Lonali ndi lakale, koma mvula wamba limapirira. Lamulo ndi limodzi: kukamagwa mvula, osalikhudza m'kati."

Madzulo. Afika! Ndanyamula masutikesi, ndagwada pakhomo, ndapereka moni nditayang'ana kumbali, n'kutuluka chafutambuyo. Ndagunda bini la zinyalala, koma sindinagwe. Kunja kwayera, kulibe ndi kamtambo komwe. Mulungu ali mbali ya mwambo.

Lachiwiri

Ndadzuka ndi dontho pamphuno. Kunja kukungowaza, kamvula ka kuno kaja, kosagwa kosaleka. Koma denga lonse m'kati lachita thukuta. A Tam, ali pawindo lawo ndi kapu ya tiyi: "Ndi mpweya wako womwe umenewo. Umakwera n'kusanduka madzi. Tsegula kawindo." Ndatsegula. Kwalowa kuzizira kwa Scotland yense. Ndatseka. Ndizipuma pang'ono.

Lamulo lija landivuta mutu. Lona lingadziwe bwanji kuti lakhudzidwa? Ndaikapo chala. Pompo dontho! Ndati mwina zangochitika, ndakhudza pena. Dontho linanso. Sayansi! Ndabwereka mapoto awiri kukhitchini.

"Odi kuno!" Mawu a apongozi, pafupi penipeni, kuseri kwa lona. Ine ndili ndi kabudula wogonera, wobooka uja. Ndakoka zipi mpaka pansi, ndagwada m'katimo ngakhale sakundiona. "Ndabweretsa tiyi, a bambo a Tadala." Ine: "Zikomo kwambiri mayi, ingoikani pansi pomwepo." Aima nthawi yaitali. Ndikuona chithunzithunzi chawo pa lona, manja ali m'chiuno. Akusirira, ndikudziwa. Mkamwini wotere kudziko la azungu angamupeze kuti?

Dongosolo likuyenda bwino kwambiri:
- kusamba: kuntchito ku Springburn, kunyumba yosamalira okalamba, shifiti isanayambe
- chimbudzi: kusitolo yaikulu ya kumsewu, apo ayi kupirira
- kudya: Thoko akupatsira mbale pawindo la khitchini
- Tadala: akundionetsa pawindo lomwelo

Chomalizachi chokha ndiye chikuwawa. Mwana wa masabata atatu, ndinazolowera kumugoneka pachifuwa akamaliza kuyamwa mpaka atageya. Lero ndamupsompsona pagalasi. Wandiyang'ana ngati munthu wodutsa. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndipirira.

Mapoto akulira mosiyana, wina to, wina ti. Ndili ndi oimba anga!

Lachitatu

Mvumbi. Chiyambireni dzulo sinakate.

Zimene ndaphunzira za kampa ndi mvula:
- Denga lolimba la pamwambalo silidontha. Amene analipanga Mulungu amudalitse!
- Lona lenilenilo likuyesetsa.
- Koma m'misoko! Paliponse pamene panadutsa singano pakudutsa madzi.
- Pa zipi ndiye pali mtsinje.
- Matiresi a bedi la kumanja anagona atatsamira lona. Lamulo la a Tam limagwiranso matiresi.

Ndagula mankhwala opopera otseka misoko. Pabotolo alemba kuti lona liyambe lauma tsiku lathunthu. Ndamufunsa wogulitsa kuti tsiku loumalo lili pa shelefu iti. Sanaseke.

Miyendo iwiri yachitsulo yamira m'matope, nyumba yapendekera kumpanda. Ukaika kapu patebulo imanyamuka yokha kukacheza kwa anansi. Ndaikapo njerwa. Njerwa zamira. Mu nsapato ndapezamo nkhono yopanda chigoba, nayonso ikusowa pokhala. Walira mvula walira matope, ngakhale ine mvulayo sindinailire.

Koma nkhani yabwino! Apongozi atuluka ndi ambulera n'kuyamba kujambula kampa pa foni. Kutsogolo, m'mbali, ngakhale mbale yanga imene ili pawindo. Ine ndikusuzumira pa kabowo ka zipi, mtima ukuvina. Pofika mawa Zomba yense adziwa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu!

Chinanso. Pochokera kuntchito, ndangotsika basi, ndawaona akubwera kuchokera kusitolo, kanjira kake kamodzi komweko. Ku Easterhouse kulibe chimanga. Ndalowa kuseri kwa mabini, ndanyonyomala. Afika, aima. "A bambo a Tadala?" Ine maso kukhoma, mvula ikulowa m'kolala. Apita pang'onopang'ono, akucheuka. Bambo anga akanandiona akanagwetsa misozi.

Uthenga wa Thoko pa foni: "Amayi akufunsa ngati tinayambana. Ndawauza za mwambo wanuwo, akuti ndikukubisirani. Lowani mudzanene nokha."

Akundiyesa awa. Aphunzitsi amatero, amafunsa funso yankho akulidziwa kale.

Lachinayi

Chenjezo la zanyengo pa foni: lachikasu. Chikasu ndi mtundu wosangalatsa!

Kuntchito, agogo ena amene ndimawaveka juzi m'mawa uliwonse andinunkhiza paphewa n'kunena kuti ndikuwakumbutsa chipinda chapansi cha nyumba imene anakuliramo. Akuti munkamera bowa m'makoma. Ndathokoza. Sakunama: zovala zonse zikununkha chuku, wailesi ikuyankhula ngati ili ndi chimfine, Baibulo lafufuma, Masalimo amatirirana. Suti yokha ili bwino, ili m'pulasitiki.

Madzulo, kangozi pang'ono. Ndayatsa hita kuti ndiumitse masokosi, osadziwa kuti polumikizira ekisitenshoni pagwera m'chithaphwi. Phu! Nyumba yonse mdima. Nthawi yake yeniyeni imene apongozi akusambitsa Tadala. Kulira kwa mwana, kukuwa kwa Thoko, kenako mawu a apongozi, odekha, a m'kalasi: "Ine ndimayesa kuno magetsi sathima." A Tam atsika ndi tochi kudzakonza. Thoko wazula ekisitenshoni n'kuiponya pawindo ngati njoka yakufa.

Patapita kanthawi watsegulanso windo. Maso ofiira, tsitsi losapesa. "Mwanayu sakugona chichokereni inu. Amayi miyendo inatupa ndi ulendo, koma akuzungulira naye ndi iwo. Inu muli pa holide pakapinga." Watseka.

Holide! Ndavala majuzi onse, jekete, chipewa, masokosi m'manja. Holide yake imeneyi?

Mawuwo andilasa, ndisaname. Ndakhala ndikuyang'ana windo lija, ndikuona mutu wa apongozi ukudutsa, ukubwerera, ukudutsanso, mwana ali paphewa. Pachifuwa panga pakuzizira pamene amagona paja. Koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Zikoma kutsogolo, akamadzakamba za ine.

Bedi la kumanzere likadali louma chakumutu. Ndikadzipinda ngati mphaka ndikwanapo.

Lachisanu

Malume aimba kuchokera ku Dowa, ine ndili m'basi. Iwo ndiwo ankhoswe anga. Moni sanapereke.

"Iwe, wachita chiyani kumeneko? Zithunzi zafika. Akuti wamanga nyumba yakoyako pabwalo, ukudyera pawindo ngati wandende, mwana sukumunyamula, apongozi ukawaona ukubisala kuzinyalala. Ankhoswe a kuchikazi andiimbira. Lamulungu mukaweruka kutchalitchi tikhala pansi tonse, pa foni pomwepa."

Ndafotokoza za mwambo, basi yonse ikumva. Malume amvetsera mpaka ndatsiriza. Kenako: "Mwambo umenewo pabanja pathu unathera m'chitedze muja. Bambo ako atachira anakagula mpando, n'kumakhala pakhonde ndi apongozi awo kumamwa thobwa."

Zimenezi bwanji bambo sanandiuze?! Nkhani ya chitedze ankaikamba chaka ndi chaka, ya mpando ayi!

Ndiye zithunzi zija... Mayo ine. Funso la pa chinkhoswe lija layankhidwa, ndipo ndaliyankha ndekha, kuseri kwa mabini.

Ndikuopa. Ndilembe mosabisa: ndikuopa kuti mayi aja adzakwera ndege akukhulupirira kuti mwana wawo ali yekha kuno, ndipo sadzagonanso tulo ku Zomba. Ndiyenera kuwafotokozera apongozi, ankhoswe asanakhale pansi. Koma munthu amene wathawa sabata yonse amalowa bwanji? Amagogoda pakhomo pake pomwe? Amayamba ndi za nyengo? Mawa. Mawa ndilibe shifiti. Ndimeta ndevu, ndivala suti ya ukwati, ndilowa ngati munthu. Akangoona suti akumbukira kuti anandivomera. Nzeru imeneyi yandisangalatsa mpaka ndaimba mluzu!

Chenjezo lasintha, tsopano ndi la mtundu wa lalanje. A Tam atsika okha osaitanidwa: "Mvula ndi nkhani ina, mphepo ndi ina. Iyi ndi tenti yokwera ngolo chabe. Mphepo ikamabwera umatsitsa denga n'kulowa m'nyumba." Ndawakumbutsa kuti ndi iwo omwe anati lona lonyowa silipindidwa, limaola. "Bola kuola kusiyana ndi kuuluka." Koma ndikapinda lero ndigona kuti? Pasofa, ndisanapepese, ndikununkha bowa? Ayi. Usiku umodzi wokha.

Ndamanga zingwe: china kumpanda, china ku mtengo woyanikira zovala, ziwiri ku mabini. Ine ndi mabini tinadziwana kale.

Loweruka, m'mawa

Tapulumuka! Kampa yagwedezeka mpaka kucha ngati minibasi ya mumsewu wafumbi, koma ili chiimire! Makoma akupuma, kulowa, kutuluka. Mapoto onse adzaza, ndataya, adzazanso. A Tam ndi amantha chabe.

A zanyengo akuti mphepo ifika pachimake masana. Ine masana ndikhala ndili m'nyumba, m'suti, ndikumwa tiyi ndi apongozi.

Mawu ndakonza kale: "Mayi, pepani, panali kusamvana pang'ono." Aafupi, aulemu. Ndawayeserera pamaso pa nkhono ija.

Loweruka, madzulo

Ndikulemba ndili pasofa. Ee, pasofa.

Ndiyambe poyambira. Ndavula zonyowa kuti ndivale suti. Malaya ndavala, tayi ndamanga, buluku lili m'manja, mwendo umodzi uli m'mwamba. Pompo mphepo yabwera ikulira ngati lole. Bini loyamba lanyamuka, chingwe chake n'kuzula chitsulo chogwira bedi. Bedi lagwa. Denga lapendama, laima kaye ngati likuganiza, kenako latsika mbali imodzi. Madzi onse amene anadikha m'makwinya a lona chiyambireni Lachiwiri andipeza nthawi imodzi. Lona landikulunga, sindikuona kanthu, ndikungokuwa, "A Tam! A Tam!"

Chinthu chandigwira mwendo. Dzanja lamphamvu, lozolowera kukoka ana ochedwa pageti. Landikhwekhwereza m'matope mpaka panja. Ndatsegula maso.

Apongozi.

Avala jombo za Thoko, jekete la mvula, duku lauluka kale. Ine ndili chagada pakapinga: tayi, kabudula wobooka, miyendo m'mwamba, kukamwa kuli yasa. Zonse zimene ndinathawa Lolemba, kuwonjezerapo matope.

Ndayesa kutembenuka kuti ndiyang'ane kumpanda. "Ayi. Mundiyang'ane." Sanakuwe, koma ndamva bwinobwino mphepo ili pakati. "Mwana wanga wakulakwirani chiyani? Munene pompano, ndikamudzudzule ndekha. Koma inu mulowe m'nyumba."

Mawu okonza aja auluka ndi bini. Chimene chatuluka ndi ichi: "Mayi, ine ndimaliza mkonono. Sindimafuna mundione ndili chonchi." Kenako zonse, za ku Dowa, za chimanga, za sofa, mano akugundana. Andiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kumapazi. "Ndiye mwaona kuti bola ndikuoneni chonchi." Amasula chitenje chapamwamba n'kundiponyera. "Ulemu ndaulandira. Wakwana. Dzukani."

Ndalowa m'nyumba mwanga nditavala tayi ndi chitenje cha amayi a kutchalitchi. Thoko waseka mpaka wakhala pansi, kenako walira, kenako wandipatsa mwana. Tadala wageya paphewa panga, pa malaya a ukwati. Sindinapukute.

Lamulungu

Dzuwa. Lero lomwe lino, dzuwa. Chabwino.

Mlandu wakambidwa ndithu, chifukwa anthu anali atasonkhana kale ku Dowa ndi ku Zomba, ndipo ena anali atabwereka mipando. Nkhope zambirimbiri m'foni imodzi, zina sindikuzidziwa n'komwe. Apongozi afotokoza okha, ngati akuwerenga lipoti la sukulu: "Mnyamatayu mtima ali nawo. Nzeru zikubwera m'mbuyo." Malume apempha chithunzi cha chitenje. Thoko anajambula, kodi! Watumiza ine ndili pompo. Chigamulo: sofa.

Za kampa: chitsulo chimodzi chapindika, lona lang'ambika pa zipi, bini limodzi silinapezeke mpaka pano. A Tam sanakwiye. Akuti akazi awo ankadana nayo kampa imeneyi, akanakhalapo akanaombera m'manja. Akuti tiyambe taiumitsa masiku angapo adzuwa otsatizana tisanaipinde. Tayang'ana kumwamba tonse awiri, mtambo wayamba kale kubwera. Ikhala pomwepo.

Amene angadzafunse ndidzamuuza: yowaza imapirira, ukapanda kuikhudza. Ya mvumbi imalowa m'misoko. Mphepo ikabwera, pita kunyumba kwako.

Sofa ndi yaifupi, mapazi akulendewera, khosi lauma. Ndi malo anga tsopano. Koma ndilembe za m'mawa uno. Ndadzuka ndapeza ndafunda bulangete limene sindinagone nalo. Apongozi ali pampando moyang'anana nane, Tadala ali pamiyendo, tiyi ali m'manja. Kaya akhalapo nthawi yaitali bwanji. Kukamwa kunali yasa, ndikudziwa, chifukwa kunauma.

"Mumalizadi," atero.

Ndayamba kupepesa. Akweza dzanja.

"Malemu bambo a Thoko ankaliza chimodzimodzi. Chimwalirireni iwo, nyumba yanga ija ili zii. Lero ndi koyamba kugona mpaka kucha."

Ayang'ana m'kapu mwawo. Ine ndayang'ana bulangete. Kenako andipatsa mwana n'kupita kubafa, kudutsa pafupi ndi mapazi anga ngati ndi mpando.

Akhala mpaka Pasaka. Mawa ndikagula kabudula watsopano.